Gasi Wopanda Fungo

Bambo anga ndi okonza mafiliji. Chida chimene ankachinyadira kuposa zonse sichinali sipanala kapena chowotcherera mapaipi, koma mphuno yawo. Ankagwada kuseri kwa filiji n'kuyamba kununkhiza timapaipi ngati galu amene wataya fupa, kenako n'kuloza ndi chala. "Apa. Pakutulukira apa." Anzawo pantchitoyi amapaka thovu la sopo pamapaipi kuti aone pamene pabooka. Bambo ankati sopo ngwosambira.

Mphunoyo inkawathandiza chifukwa cha chinthu chimodzi. Gasi weniweni wa mafiliji amagulitsidwa m'tizitini, koma bambo sankagula ameneyo. Ankathira gasi wophikira, wa m'silinda yomweyo imene amayi amaphikira. Gasi wophikira amanunkha ngati kabichi wowola, ndiye akangotuluka pang'ono umadziwa. Filiji yothiridwa gasi wotero imazizira ndithu masiku oyamba, mwini wake n'kumayamika. Ikayamba kufooka, bambo ankanamizira magetsi.

Kunyumba kwathu wolankhula anali mmodzi. Woyankha molakwika ankakumana ndi dzanja lamanja la bambo, dzanja lalikulu, la zipsera za moto. Khutu lakumanzere la amayi silimvanso chifukwa cha dzanja limenelo. Achimwene anga, amene amagwira ntchito ndi bambo, ali ndi mpata pamene panali dzino lakutsogolo, ndipo atsikana amawauza kuti anagwa pampira. Ine ndili ndi chibwibwi. Mawu amafika pakhosi n'kukakamira, makamaka ndikachita mantha, moti ndinaphunzira kungokhala chete. Kunyumba ndi kusukulu komwe amanditchula kuti Zii. Achimwene okha ndi amene amadikira kuti ndimalize zonena. Dzanja lija likamabwera kwa ine, iwo ankapeza chifukwa choimira pakati.

Ndangolemba kumene mayeso otsiriza a sekondale, zotsatira sizinatuluke. Phunziro limene ndinkalikonda ndi kemisitiri, mwina chifukwa sankatiimiritsa kuti tiwerenge mokweza. Aphunzitsi athu, amene tinkawatchula kuti a Molekyu, ankabwera ndi timipira tadongo ndi timitengo ta machesi. Takuda tinali kaboni, toyera haidrojeni. Tsiku lina analumikiza takuda tinayi pamzere, n'kutizunguliza toyera khumi.

"Uyu ndi byuteni," anatero. "Ali m'gasi wophikira, alinso m'malaita."

Kenako anazula kakuda kakumapeto, n'kukasinthanitsa ndi koyera kamodzi kapakati. Chinthucho chinakhala ngati phazi la nkhuku.

"Sindinachotsepo kanthu, sindinawonjezepo kanthu. Koma uyu ndi wina, aisobyuteni, wa m'mafiliji. Njerwa zomwezo, nyumba ina. Amenewa ndiwo ma aisoma. Wanthambiyu amawira pozizira kwambiri, n'chifukwa chake amaumitsa bwino madzi. Mnzake wowongokayu ndi waulesi pantchito imeneyo."

Atatero anatenga kachitini kodzazira malaita, n'kupopera m'jagi. Anayendetsa jagiyo pamphuno pathu. Munalibe chooneka, munalibenso fungo. Anaipendeketsa pa beseni lopanda kanthu ngati akutsanula madzi, ife n'kumaseka. Kenako anatiuza kuti tifutukire kukhoma, n'kuponya machesi oyaka m'besenimo. Moto wabuluu unathamanga pansi pa beseni, fuu, kuseka konse n'kutha.

"Ndi wolemera kuposa mpweya umene tikupumawu," anatero a Molekyu. "Sakwera. Amakhala pansi n'kumadikira. Fungo limene mumamva kukhitchini si lake, amachita kumuthira ku fakitale kuti mphuno zanu zikupulumutseni. Ndi banja lofatsa limeneli. Muwathire asidi, sabwezera. Koma muwapatse okosijeni ndi kamoto kamodzi, mudzaona."

Ndinayesapo kamodzi kuwauza bambo. Tinali pachakudya, iwo akudandaula kuti mayi wina wabweza filiji kachiwiri.

"Ba-bambo, gasi wa filiji si-si wofanana ndi wophikira."

"Onse ndi byuteni. Ndinawerenga pachitini ndi maso angawa."

"Ndi o-ofanana, koma ka-kamangidwe..."

"Ofanana koma osafanana. Wamva, make ana? Sukulu ija ndi imeneyi." Anatafuna kaye n'kumeza. Kenako kapu ya madzi inandipeza pachipumi. Za fungo sindinafike n'pozitchula pomwe.

Tsiku limene ndikufuna kunenali linali lotentha kuyambira m'mawa. Ndinkachapa kuseri kwa nyumba pamene galimoto ya pabutchala inaima pageti. Mwini butchalayo anthu amawatchula kuti a Chiwindi. Bambo anali atawakonzera filiji yawo yaikulu, yogona ija yotsekulira pamwamba, ndipo inafa mwakachetechete ili yodzaza nyama ya ng'ombe yathunthu. A Chiwindi sanabwere okha. Anabwera ndi wantchito wawo wamtali, Sikelo, amene anapeza dzinalo chifukwa chala chake chimakonda kupumira pasikelo akamayeza nyama. Kukhutu anali atapanira ndudu, m'manja ali ndi chikwanje.

Bambo anatuluka akumwetulira, n'kuyamba nkhani ya magetsi. Sanaimalize. Sikelo anatembenuza chikwanje n'kuwamenya achimwene pamsana ndi mbali yosalala. Phokoso lake linali ngati la chinsalu chonyowa pamwala. Achimwene anagwada, kenako anagwira pansi ndi manja.

"Kwerani nonse awiri," anatero a Chiwindi, osakweza mawu. "Magetsiwo mukandifotokozera uko."

Anthu oyandikana nafe anasuzumira pamipanda, palibe anatuluka. Mwina ambiri anali ndi mafiliji otentha m'nyumba zawo.

Chakumasana foni ya amayi inalira. Anaiyika kukhutu labwino, kenako anandipatsa. Mawu a bambo anali aang'ono, moti poyamba sindinawazindikire.

"Zii, utenge chikwama cha zida ndi chowotcherera. Ubwere ku butchala."

A Chiwindi analanda foniyo. "Ndi iwe wasukulu uja? Udzere kusitolo ya zipangizo, unene kuti a Chiwindi akufuna chitini cha gasi weniweni wa filiji. Weniweni, wamva? Mkonzi wina wandiuza kale zimene bambo ako amathira. Ufulumire, mlongo wako akukudikira."

Amayi sakanatha kupita. Diso lawo linali lisanaphwe kuchokera dzana, ndipo akakhala choncho satuluka. Anandimangira chikwama kumsana ngati mwana, n'kundigwira phewa kanthawi ndisananyamuke.

Wogulitsa m'sitolo ya zipangizo anandizindikira ndi chikwamacho. Anatsitsa chitini pashelefu, n'kuchipukuta fumbi ndi chigongono.

"Bambo ako alapa? Lero mvula igwa." Anaseka yekha. "Uwauze asathire ngati akuthira tiyi. Filiji imadya pang'ono. Chitini chimodzichi chimakwanira mafiliji angapo."

Chinali chachitali ngati botolo la mafuta ophikira, cholemera, mkati mukumveka madzi akukhuthukakhuthuka. Pambali panali chithunzi cha lawi la moto ndi dzina lija la a Molekyu, aisobyuteni. Ndinachikumbatira pachifuwa njira yonse. Ndikuvomera kuti mumtima ndinakondwa pang'ono poona dzinalo litalembedwa pa chinthu chenicheni, osati pa bolodi pokha.

Kutsogolo kwa butchala zonse zinali ngati masiku onse. Ngowe zikulendewera zopanda nyama, makina odulira mafupa akulira, wailesi yakwezedwa mpaka magalasi akunjenjemera. Mayi wa pakauntala sanandiyang'ane kumaso, anangoloza chitseko chachitsulo ndi chibwano. Nditatsekula ndinadziwa chifukwa chake wailesi inali yokweza.

Chipinda chakuseri n'chaching'ono, ndipo polowa umatsika sitepe. Pansi ndi pasimenti, potsetsereka kulowera ku kabowo kotayira madzi, koma kabowoko anakatseka ndi chiguduli poopa makoswe. Kazenera ndi kamodzi, kakang'ono, kumwamba pafupi ndi denga. Filiji inali itakankhidwa kuchoka kukhoma. Pakona panali beseni lalikulu la nyama yobiriwira, ntchentche zili ng'waa. Achimwene anagona chammbali pasimenti, manja atamangidwa kumbuyo ndi chingwe chomangira mbuzi. Nkhope yawo inali yonyowa ndi madzi a nyama ija. Bondo lakumanja linatupa mpaka buluku kuthina.

Bambo anaima pafupi ndi filiji, opanda bala ngakhale limodzi.

"Walowa dokotala," anatero a Chiwindi. Anakhala pampando wapulasitiki, chitsulo chonolera mipeni chili pamiyendo. "Tseka chitseko, mwanawe, kunjako kuli makasitomala." Anatembenukira kwa bambo. "Tamvana, eti? Iweyo sindikukhudza, manja ako ndikuwafuna. Koma filiji iyi ikapanda kuumitsa madzi lero, mnyamata wakoyu apita kwawo ndi mawondo awiri ofanana."

"Izizira, bwana. Ine ntchitoyi ndinayamba inu musanatsekule butchala."

Chitsulo chija chinatsika pabondo lotupalo. Achimwene sanakuwe, anangotulutsa mpweya pampata wa dzino, sii, thupi lonse n'kupindika.

"Mbiri yako sindinafunse," anatero a Chiwindi.

Ndinafuna kuthamangira pamene anagona. Achimwene anatsekula diso limodzi n'kundiona. "Zii," anatero motsitsa, "usayang'ane kuno. Uyang'ane zida."

"Ali ndi moto ndani?" anafunsa Sikelo, akugwiragwira ndudu yake kukhutu. "Machesi anga anyowa ndi magazi."

"Usute panja. Nyama yanga si yofukiza."

"Nyama yake iti, bwana? Yobiriwirayi? Utsi ungaithandize."

A Chiwindi anaseka pang'ono, kenako anakumbukira kuti akwiya.

Bambo anayamba ntchito. Anazimitsa filiji pakhoma. Anagwada kuseri, pansi pamene pamakhala kompuresa, n'kudula kapaipi kothirira. Analumikizapo paipi yalabala yaitali n'kuitulutsira pakazenera, kuti gasi wakale atuluke. Ngakhale zinali choncho, fungo la kabichi linatipeza tonse, linaposa ndi la nyama yowola lomwe.

"Mwamva?" anatero bambo, mawu akubwerera pang'ono. "Mphuno iyi imasiyanitsa nyama ndi gasi. Palibe amene amandithawa."

"Ndiye gasi wako wa nyemba ameneyo," anatero Sikelo. "Filiji yakhala ikuphika m'malo moziziritsa."

Fungolo litatha, bambo anatenga paipi ina yaifupi, yakale, yokulungidwa ndi tepi wakuda pakati. Mbali ina anamanga pakapaipi ka filiji, mbali ina pa chotsekulira chimene anabaya nacho chitini. Sipanala inawapulumuka m'manja kawiri. Ndinali ndisanaonepo dzanja limenelo likugwetsa chida.

"Iwe, gwira chitinichi. Uchiimike, usagwedeze."

Ndinaima kumbuyo kwawo, chitini chili m'manja, chikwama cha zida chili chotsekula pamapazi anga. Anatsekula. Chifukwa cha wailesi ndi makina a mafupa, sindinamve kulira kulikonse kwa mpweya. Ndinangomva chitini chikuzizira. Chinazizira mpaka zala kuwawa, kunja kwake n'kuyera ngati chathiridwa mchere. Bambo ankapukuta thukuta, akuyang'ana a Chiwindi kuposa filiji. Nthawi inapita. Madzi aja amene ankakhuthukakhuthuka mkati anayamba kuchepa, chitini n'kumapepuka.

Kenako ndinamva kuzizira kumapazi. Ndinali nditavala masilipasi, ndipo chipindacho chinali chotentha ngati uvuni, koma zala zakumapazi zinkazizira. Nditayang'ana pansi ndinaona tepi wakuda uja atayera mbali imodzi. Pansi pake mpweya unkagwedera, ngati mmene umachitira pamwamba pa msewu wa phula dzuwa likaswa mtengo, koma uwu sunkakwera. Unkatsika, n'kumayenderera pasimenti kulowera kotsetsereka, kumene kunali mutu wa achimwene.

Achimwene anayasamula. "Ndikumva chizungulire," anatero.

"Uzolowera," anatero Sikelo.

Bambo analanda chitini m'manja mwanga n'kuchigwedeza pafupi ndi khutu. Munalibe kanthu.

"Yadya chonse, bwana. Inali ndi njala." Anapana kapaipi ka filiji ndi pulayala, n'kuchotsa paipi yalabala. "Chatsala n'kuwotcherera pakamwa apa kuti asatuluke. Kenako tiyatse, mumve kuzizira kwake."

Anaweramira pansi n'kununkhiza, uku ndi uku, monga amachitira nthawi zonse. Anamwetulira.

"Palibe fungo. Palibe pamene pakutuluka."

Mutu wanga unali utamaliza kale samu. Chitini cha mafiliji angapo chapita chonse. Filiji yadya pang'ono. Wotsalayo sanatulukire pazenera, chifukwa zenera lili kumwamba. Sanatulukire pakhomo, chifukwa pali sitepe ndipo chitseko n'chotseka. Tonse tinaima m'beseni la a Molekyu, ndipo achimwene anagona pansi pake penipeni.

Bambo anakokera chowotcherera pafupi, n'kupisa m'thumba la malaya. Anatulutsa laita yawo yofiira.

"Ba-ba-bambo."

Sanacheuke.

"Bambo, mu-musa-musayatse."

"Akuti chiyani mwanayu?" anafunsa a Chiwindi.

"Musamumvere, bwana. Sukulu inamuzunguza mutu."

"Ga-gasi ali pa-pansi. U-uyu sa-sanu..." Liwulo linakakamira. Ndinaliona m'mutu mwanga litalembedwa bwinobwino, koma pakamwa pankangotuluka nu, nu, nu.

"Nu, nu, nu," anatero Sikelo. "Ayi ndithu, dokotala wathu walankhula."

Bambo anatembenuka ali chigwadire, n'kundimenya ndi kuseri kwa dzanja. Linandipeza pakamwa. Ndinagunda khoma, ndinamva mchere wa magazi pa lilime.

"Ukandichititsa manyazi pano, kunyumba ukandidziwa."

Anabwerera kuntchito yawo. Anatsitsa dzanja lamanja pansi, pafupi ndi kompuresa, laita ili pakati pa zala, chala chachikulu chili pa kawilo. Amakonda kuyatsa laita kaye, kenako n'kutsekula chowotcherera. Ndawaonapo akuchita zimenezo kambirimbiri.

Sindikukumbukira kuti ndinaganiza. Ndikukumbukira kuti hamala inali pamwamba m'chikwama, chogwirira chake chitaloza kwa ine. Ndinaigwira ndi manja awiri, ndinaikweza mpaka kumutu, ndinaitsitsa pamfundo ya dzanja lawo.

Phokoso lake silinasiyane ndi la kutsogolo kwa butchala. Zala zinatambasuka zokha. Laita inagwa pasimenti, inatsetsereka, n'kukaima pafupi ndi beseni la nyama. Sinayake. Bambo anayang'ana dzanja lawo ngati si lawo, kukamwa kuli yasa, mawu asanabwere. Dzanjalo linali pansi, lotambasuka, zipsera zake zonse zikuoneka. Ndinakwezanso hamala. Kachiwiriko inatera pakati pa chikhato, pamene pamayambira zala.

Apo m'pamene anakuwa.

Ndinasiya hamala pa chikwama, osati pasimenti, poopa kuti ingathethetse moto. Ndinakankha chitseko ndi phewa, ndinagwira achimwene pa lamba n'kuyamba kukoka. Ndi olemera kuposa ine, koma simenti inali yoterera ndi madzi a nyama. Pasitepe bondo lawo linagunda, iwo n'kulira ngati mwana, koma sindinaime. Ndinawakoka kudutsa pakauntala, kudutsa pa mayi uja amene anaimirira manja ali kumutu, mpaka pakhonde, mpaka pafumbi la mumsewu.

Bambo anatuluka pambuyo panga, dzanja lothyokalo atalipanira pachifuwa, lamanzere likufunafuna chogenda. "Ndikupha. Lero ndikupha, mwana wa njoka iwe." A Chiwindi anawatsatira n'kuwagwira kolala, osati pofuna kunditeteza ayi, koma poopa kuti mkonzi wawo angathawe. "Filiji yanga amaliza ndani?" ankafunsa, akuwagwedeza. "Ndani amaliza?"

Ndinayang'ana mkati kudzera pazitseko ziwiri zotsekulazo. Sikelo anali atatsala yekha m'chipinda chija. Anachotsa ndudu kukhutu n'kuiyika pakamwa. Kenako anawerama pafupi ndi beseni.

"Tu-tu-tulukani," ndinakuwa. Linatuluka ndithu liwulo, koma wailesi inali yokweza.

Munthu akatola laita pansi, amaiyesa kaye ngati ikugwirabe ntchito. Aliyense amatero. Sikelo anaiyesa ali chiweramire.

Sikunali kuphulika ngati kwa m'mafilimu. Kunamveka fuu wamkulu, wolemera, ngati wina wakung'untha bulangete lalikulu pafupi ndi khutu. Pansi ponse pa chipindacho panasanduka pabuluu, kenako pachikasu mpaka kudenga. Chitseko chachitsulo chinamenya khoma. Galasi la pakauntala linasweka, mphepo yotentha n'kutipeza mumsewu. Wailesi inapitiriza kuimba.

Sikelo anatuluka akuthamanga, buluku ndi epuloni zikuyaka, manja ali m'mwamba, tsitsi likufuka. Anagunda ngowe za nyama, anagwa, anadzuka, anagweranso pakhonde. A Chiwindi anasiya bambo, anavula jekete lawo loyera n'kumuvundikira nalo, akumugudubuza pafumbi. Mayi wa pakauntala anabwera ndi chidebe cha madzi otsukira mipeni. Khungu la m'manja mwa Sikelo linkasendeka ngati la tomato wowiritsa. Fungo la tsitsi lopsa linadzaza msewu, ndipo limenelo aliyense analimva.

Motowo sunakhalitse. Gasi atatha, unangotsala pa mpando wapulasitiki ndi pa chiguduli cha pakabowo, anthu n'kuuzimitsa ndi mchenga. Wina anasuzumira mkati n'kunena kuti simenti yada pena paliponse. Ine ndinali ndikumasula chingwe m'manja mwa achimwene ndi mano, chifukwa mfundo yake inali yothina.

A Chiwindi anaimirira, akupuma mwaphuma, malaya ali bii. Anandiyang'ana, anayang'ana chipinda, anayang'ana bambo amene anakhala pansi mumsewu akulira ndi dzanja lawo.

"Ndimayesa ukuti chiyani," anatero. Kenako anakatsekula kumbuyo kwa galimoto. Anatikweza tonse, wopsa, wothyoka bondo, wothyoka dzanja ndi ine, pamalo pomwe pamakwera nyama.

Kupolisi sikunapite munthu. A Chiwindi anali ndi chingwe cha mbuzi choti afotokoze, bambo anali ndi silinda ya amayi. Sikelo akadali m'chipatala. Akuti achira, koma zala zake sizidzapindikanso bwino.

Dzanja la bambo analikulunga pulasitala mpaka pachigongono. Adokotala anauza amayi kuti mfundo ipola, koma timafupa ta m'chikhato tinaphwanyika kwambiri, moti kufumbata chibakera kapena kugwira pulayala kudzavuta. Amayi anamvetsera ndi khutu labwino, n'kufunsa kuti abwerezenso. Chibwerereni kunyumba bambo sanandilankhule. Amakhala pakhonde, dzanja lili pamiyendo, ndipo ndikamadutsa amayang'ana kumpanda. Anayesapo kamodzi kuwaponyera amayi mbale ndi lamanzere. Inakagwera kutali, amayi n'kuitola, n'kuitsuka. Anthu a mumsewu mwathu akuti ndine mwana wolimba mtima. Ena akuti mwana womenya bambo ake sadzaona mwayi. Onsewo ndimangowapatsa moni.

Ntchito yatsala m'manja mwa achimwene. Sangathe kugwada, ndiye amakhala pa kampando, mwendo atauwongola, ine n'kumawapatsira zida. Dzulo masana tinkakonza kafiliji ka mayi wina pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba, panja, pamphepo. Anandituma kapu ya madzi a sopo. Ankapaka thovu pamapaipi ndi mswachi wakale, pang'onopang'ono, tonse tikuyang'ana ngati patuluke kathovu.

"Zii," anatero, maso ali pa paipi. "Ukudziwa kuti kubutchala kuja ndinagona nkhope italoza kumene kunali bambo?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Laita ija inagwa pa hamala yoyamba."

Ndinayesa kuyamba, liwu linakana, ndinayesanso. Iwo anadikira, monga amachitira nthawi zonse. Anadikira nthawi yaitali, mpaka anaona kuti palibe chimene chikubwera.

Anapititsa lilime pampata wa dzino lija, n'kuviika mswachi m'kapu.

"Sopoyu wachepa," anatero. "Kawonjezere."